Y2K: manambala awiri amene anachititsa mantha dziko lonse

Amene munkamvera wailesi mu 1999 mukukumbukira mphekesera zija. Ankati ikangokwana 12 koloko usiku wa pa 31 Disembala, makompyuta adzasokonezeka, magetsi adzathima, ndege zidzagwa, ndalama za m'mabanki zidzasowa. Ena anafika ponena kuti dziko likutha. Vutoli ankalitcha Y2K, kutanthauza chaka cha 2000.

Gwero lake linali laling'ono. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, malo osungiramo zinthu mu kompyuta anali okwera mtengo, choncho akatswiri ankalemba chaka ndi manambala awiri okha: 75 m'malo mwa 1975. Taganizirani kope la ngongole ya feteleza, lolembedwa 98, kenako 99. Tsamba lotsatira likati 00, inu mumadziwa kuti ndi 2000, koma makina akanatha kuwerenga 1900. Ngongole ya mu 99 ikanaoneka ngati yabwezedwa isanatengedwe n'komwe, ndipo chiwongola dzanja chikanasokonekera.

Maboma ndi makampani anatha zaka akukonza mapulogalamu akale. Dziko la United States lokha linawononga ndalama pafupifupi madola 100 biliyoni. Usikuwo utadutsa, ndege sizinagwe, mabanki anatsegula mwa nthawi zonse.

Apa mpamene ambiri anati zonsezi linali bodza. Sizinali choncho. Ku Sheffield, ku England, kompyuta ya pachipatala inalakwitsa zaka za amayi oyembekezera, ndipo oposa 150 anapatsidwa zotsatira zolakwika za kuyezedwa kwawo. Komabe n'zoona kuti mantha anaposa msinkhu: maiko monga Italy anakonzekera mochedwa, koma sanaone tsoka lalikulu.

Kwathu kuno tsoka la 2000 linabwera ndi madzi. Mu Febuluwale ndi Malichi mitsinje ya Limpopo ndi Save inasefukira, mzinda wa Chókwè unamira, ndipo anthu pafupifupi 700 anamwalira.

Nthawi imeneyo mlimi ankasunga ndalama za chimanga ndi mbatata m'nyumba. Lero ambiri amalandira pa M-Pesa kapena e-Mola, ndiye nkhani ya makina ikutikhudza kuposa kale. Akatswiri akulozanso tsiku lina, 19 Januwale 2038, pamene makina ena akale, owerenga nthawi m'masekondi kuyambira 1970, adzafike pamapeto a chiwerengero chawo. Makina ambiri atsopano anakonzedwa kale, ndipo ntchito yosintha otsalawo ili mkati.