Wi-Fi Ikamathera Pabalaza: Kodi Rauta Yaciwiri Ingathandize?

Dandaulo la intaneti ya pakhomo timalimva kawirikawiri kuno ku Dambwa North. Banja linagula rauta, likulipira bando mwezi ndi mwezi, koma netiweki imagwira pabalaza pokha. Mwana wa Giredi 12 akafuna kutsegula mapepala a mayeso akale kucipinda kwake, foni imangozungulira. Agogo akafuna kuonana pa WhatsApp ndi adzukulu awo a ku Kitwe kapena ku Johannesburg, ayenera kukoka mpando kukakhala pafupi ndi TV. Zikatere sipalephera kupezeka wolangiza kuti mugule rauta ina. Malangizowo nthawi zina ndi abwino, nthawi zina amangotayitsa ndalama za ndiwo. Musanakwere galimoto kupita kutauni kukagula kanthu, dziwani kaye kuti vuto lanu lili mbali iti.

Intaneti imayenda maulendo awiri isanafike pa foni. Woyamba ndi wocokera kunja kufika pa rauta. Kwa ambiri a ife ulendowu umayambira pa nsanja ya MTN, Airtel kapena Zamtel, n'kulowa kudzera pa SIM imene ili mkati mwa rauta. Kwa ena umabwera pa cingwe ca faiba, ndipo kwa ocepa umatsika pa mbale ya Starlink, imene inayamba kugwira nchito m'Zambia mu Okutobala 2023. Ulendo waciwiri ndi wa mkati mwa mpanda, kucoka pa rauta kufika pa foni, laputopu kapena TV. Umenewu ndiwo Wi-Fi. Rauta yaciwiri imakonza ulendo waciwiri wokhawu. Siwonjezera bando, ndipo singafulumizitse intaneti imene ikufika pakhomo ili yofooka kale.

Kuyesa kwake sikufuna katswiri. Imani pafupi ndi rauta, tsegulani fast.com kapena Speedtest pa foni, mulembe nambala imene yatuluka. Kenako pitani kucipinda kumene kumavuta, muyesenso ndi foni yomweyo. Citani zimenezi m'mawa, mubwerezenso ca m'ma 20:00 pamene anthu ambiri ali pa intaneti. Musabwereze kakhumi, cifukwa kuyesako nako kumadya bando. Ngati pafupi ndi rauta mwapeza ma Mbps 20 koma kucipinda mwapeza 2, vuto lili m'nyumba mwanu, ndipo mungathe kulithetsa. Koma ngati nambala ndi yocepa paliponse, kapena imagwa madzulo okha, ndiye kuti nsanja ili kutali kapena yadzaza anthu. Pamenepo ngakhale mutaika marauta asanu, mudzangogawa madzi ocepa omwewo m'zidebe zambiri. Cimene cingathandize ndi kusuntha rauta, kuyesa SIM ya kampani ina, kapena kuika eriyo ya panja ngati rauta yanu ili ndi polumikiza pake.

Tinene kuti vuto lapezeka kuti ndi la m'nyumba. Wi-Fi ndi mafunde a wailesi, ndipo nyumba zathu sizinamangidwe moganizira mafunde. Cipupa cimodzi ca mabuloko a simenti amadutsa, ziwiri amatuluka atatopa, pa cacitatu nthawi zambiri amathera pomwepo. Citsulo ndiye cimawabweza ndithu: malata, citseko cacitsulo, firiji, ngakhale kalirole wamkulu wa pa wadiropu. Madzi nawo amawameza, conco mgolo wodzaza umene uli pakati pa rauta ndi cipinda ndi cipupa cina. Nyumba zambiri kuno zinayamba zazing'ono n'kumawonjezeredwa zipinda pang'onopang'ono, ndiye cipupa cimene kale cinali ca kunja lero cili pakati pa nyumba. Kuseri kulinso kanyumba ka mnyamata wamkulu kapena ka anthu a lendi, ndipo kumeneko mafunde safika n'komwe.

Marauta ambiri a masiku ano amaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Ya 5 GHz imathamanga koma ndi yamantha pa zipupa, ya 2.4 GHz imafika patali koma imapanikizana ndi marauta a oyandikana nawo nyumba. Mukaona dzina la Wi-Fi yanu likuthera ndi 5G, kawirikawiri likunena za 5 GHz imeneyi, osati 5G ya pa nsanja imene makampani a foni amalengeza. Kucipinda cakutali yesani kaye ya 2.4 GHz. Yesaninso kucotsa rauta kuseri kwa TV kapena m'kabati, muiike pamwamba, poonekera. Zimenezi ndi zaulere, ndipo kwa ena nkhani imathera pomwepa. Koma musaiike m'siling'i pansi pa malata: kutentha kwa Livingstone mu Okutobala tonse timakudziwa, ndipo rauta ikatenthedwa imayamba kudzizimitsa yokha.

Kwa ife a marauta a SIM pali kukokana kumene ambiri sakuzindikira. Kuti rauta imve bwino nsanja, imafuna kukhala pawindo la mbali imene kuli nsanjayo. Kuti igawe bwino Wi-Fi, imafuna kukhala pakati pa nyumba. Malo amodzi sangakhale pawindo komanso pakati. Mukaiika pawindo, theka la Wi-Fi likupita mumsewu. Mukaiika pakati, ikumva nsanja kudzera m'zipupa ziwiri. Apa ndi pamene rauta yaciwiri ili ndi nchito yeniyeni. Yoyamba ikhale pawindo pamene timizere ta netiweki tikudzaza, yaciwiri ikhale kumene kuli anthu, ndipo pakati pawo padutse cingwe.

Tikuti cingwe, ndipo tikudziwa kuti ambiri sacikonda cifukwa cimafuna kuboola cipupa ndi kukhomerera. Komabe palibe njira ina imene imafanana naco. Cingwe ca Ethernet ca Cat5e kapena Cat6 cimanyamula intaneti mpaka mamita 100 osaitaya, mtunda woposa bwalo la nyumba iliyonse ya m'dera lathu. Yezani kaye kutalika kwake ndi cingwe wamba motsata zipupa, muwonjezereko mamita angapo, ndipo m'sitolo muwapemphe akuikireni mitu mbali zonse ziwiri n'kuciyesa inu muli pomwepo. Funsani ca kopa weniweni. Cilipo cina cotsika mtengo, ca aluminiyamu wokutidwa kopa kunja, cimene cimathyoka mkati mukacipinda kangapo. Onaninso kumbuyo kwa rauta yanu ngati kuli kabowo kolembedwa LAN. Tima MiFi ta m'thumba tambiri tilibe, ndipo marauta ena a Starlink amafuna kacipangizo kapadera kuti alandire cingwe.

Rauta yaciwiri siyenera kukhala yatsopano. Yakale imene ili m'dirowa ingagwire nchito, bola Wi-Fi yake ikuyaka. Ngati ili ndi SIM, icotseni. Iyatseni payokha, musanailumikize ku inzake, mupanikize kabatani ka Reset ndi phini kwa masekondi pafupifupi 10, kenako mulumikize foni ku Wi-Fi yake. Kunsi kwake kuli kapepala kolembedwa adiresi, monga 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, pamodzi ndi pasiwedi yolowera. Lembani adiresiyo mu Chrome. Ngati mkatimo mwapeza mawu akuti Access Point, sankhani pamenepo, musunge, mulumikize cingwe, basi. Marauta ambiri a TP-Link ndi Tenda ali nawo mawuwo.

Ngati mulibe, nchito ndi ya manja, koma si yaikulu. Rauta iliyonse ili ndi kalaliki mkati, dzina lake DHCP, amene amapatsa foni iliyonse nambala yake ikalowa. Akalaliki awiri m'nyumba imodzi amasokonezana: foni imalandira nambala kwa wolakwika, n'kumaonetsa kuti yalumikizidwa koma intaneti palibe. Conco kalaliki wa rauta yaciwiri ayenera kugona. Yambani ndi kusintha adiresi ya rauta yaciwiri kuti ifanane ndi ya yoyamba kupatula nambala yomaliza. Ngati yoyamba ndi 192.168.8.1, monga ambiri a Huawei, yaciwiri ikhale 192.168.8.2. Marauta ambiri amayamba kugawa manambala pa 100, ndiye 2 sagundana ndi wina. Onani mu yoyamba kuti mutsimikize. Lowaninso pa adiresi yatsopanoyo, zimitsani DHCP, musunge. Foni ikakana kulumikizika panthawi imeneyi musade nkhawa, ikudikira cingwe. Cingweco cicoke pa LAN ya yoyamba kupita pa LAN ya yaciwiri, osati pa kabowo ka WAN kamene kamakhala ka mtundu wina. Lembani adiresi yatsopano pa kapepala, mumate kunsi kwa rauta, cifukwa caka camawa simudzaikumbukira.

Pa dzina la Wi-Fi anthu amasiyana maganizo. Mukapatsa marauta onse awiri dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi, foni imasankha yokha mukamayenda m'nyumba, ngakhale kuti mafoni ena amakakamira rauta yakutali mpaka muzimitse Wi-Fi n'kuiyatsanso. Mukawapatsa maina awiri, mumasankha nokha ndipo mumadziwa imene yavuta. Ife tikuona kuti pakhomo pamene pali okalamba dzina limodzi ndi labwino, kuti asamavutike ndi kusinthasintha. Cimene simuyenera kuiwala ndi chanelo. Pa 2.4 GHz machanelo amene salowererana ndi 1, 6 ndi 11. Yoyamba ikakhala pa 1, yaciwiri ikhale pa 6 kapena 11.

Nanga amene akukhala m'nyumba ya lendi, eni ake atakaniza kuboola? Zingwe zafulati zilipo zodutsa pansi pa citseko. Zikakanika, pali repeater, kacipangizo komva Wi-Fi ya rauta n'kuibwereza. Kamagwira nchito, koma popeza kamamvetsera ndi kulankhula pa wailesi imodzi, liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Ambiri amakaika m'cipinda cimene mulibe netiweki, m'mene kalibe coti kabwereze. Malo ake ndi pakati pa njira, pamene foni ikuonetsabe mizere yokwanira. Palinso marauta a mesh, amene amagulitsidwa awiriawiri kapena atatu ndipo amamvana okha, koma mtengo wake ndi wina. Musasokoneze zonsezi ndi mabusta okokera netiweki ya foni kucokera pa nsanja. Amenewo ndi nkhani ya ZICTA ndi kampani yanu ya foni, ndipo muwafunse iwo musanagule.

Cingwe copita ku kanyumba ka kuseri cisapacikidwe pamtengo wa mango kapena pa waya woyanikapo zovala. Dzuwa limaumitsa khungu lake, makoswe amacitafuna. Cidutse m'paipi ya pulasitiki yokwiriridwa pansi kapena yokhomeredwa kucipupa. Mvula ikayamba mu Novembala, kumbukirani kuti cingwe ca kopa codutsa panja pakati pa nyumba ziwiri cingathe kunyamula mphamvu ya mphezi imene yagwa pafupi n'kupha marauta onse awiri. Kukayamba kugunda, cizuleni mbali zonse.

Cilala ca 2024, pamene madzi a ku Kariba anacepa ndipo ZESCO inkazimitsa malaiti maola ambiri pa tsiku, cinaphunzitsa mabanja ambiri kugula tima UPS ting'onoting'ono ta rauta. Mukawonjezera rauta yaciwiri, nayonso imafuna kabatire kake, apo ayi malaiti akapita mudzabwereranso pabalaza. Marauta sadya malaiti ambiri, koma onani mavoti olembedwa pa adaputa yake. Ambiri ndi a 12 V, ena ndi a 9 V, ndipo kupatsa 12 V rauta ya 9 V kungathe kuiwotcha. Ngati kabatire ndi kamodzi, kaikeni pa yoyamba, cifukwa yaciwiri payokha ilibe intaneti yogawa.

Wi-Fi ikafika ponseponse, bando imathanso msanga. TV ya kucipinda imene inali itagona iyamba kuonetsa YouTube, mafoni a ana ayamba kukoka zinthu usiku, ndipo mafunde tsopano akutulukira kuseri kwa mpanda kumene kale sankafika. Ikani pasiwedi yaitali ya WPA2 pa marauta onse awiri, ndipo musinthe yolowera mkati mwa rauta, imene pa ambiri imabwera ili admin cabe. Ngati mukugawana intaneti ndi anthu a lendi, gwirizanani za ndalama cingwe cisanakhomedwe, ndipo muwatsegulire Guest Network, kuti akadzasamuka mudzangosintha pasiwedi yawo osakhudza mafoni a pabanja. Mu rauta yoyamba muli tsamba loonetsa zipangizo zonse zimene zalumikizidwa, kuphatikizapo zodzera pa yaciwiri. Muziliona kamodzi pa mwezi, muwerenge ngati mafoni amene alembedwapo akufanana ndi amene ali pakhomo.