Kodi mumadziwa? Digiri yokopera amalanda ngakhale uli nduna

Kodi mumadziwa kuti wophunzira wa ku Shimabala wopita ku yunivesite ku Lusaka amadutsa mageti awiri? Loyamba ndi lija la pamsewu wa Kafue, pomwe dalaivala wa minibasi amalipira msonkho. Lachiwiri lili m'kompyuta, chifukwa mayunivesite ambiri masiku ano amayamba aunika asayimenti ndi pulogalamu yogwira zokopera asanapereke malikisi.

Pulogalamu yotchuka ndi Turnitin. Inabadwira ku California mu 1998, ndipo mu 2019 kampani ya Advance inaigula pa madola pafupifupi 1.75 biliyoni. Pa ulesi wa ana asukulu, ena akudyerapo ndithu!

Nanga mumadziwa kuti peresenti ya kufanana imene Turnitin imatulutsa si chigamulo? Turnitin imangoika mawu anu pambali pa zolembedwa za pa intaneti, za akatswiri ndi za ophunzira ena zimene inasunga kale, kenako n'kupaka utoto pamene zafanana. Pepala likhoza kufika 30 peresenti chifukwa cha mndandanda wa mabuku ndi mawu ogwidwa mwachilungamo, mwini wake atatchulidwa. Lina n'kuima pa 8 peresenti, koma eyitiyo ili ndime yathunthu yobedwa. Woweruza ndi mphunzitsi. Choncho amene amachezera usiku kusinthasintha timawu kuti nambala itsike akungotaya tulo. Asayimenti ya mkulu wanu ya chaka chatha nayo musaidalire: ngati inalowamo, makinawo amaikumbukira. Ngakhale yanu yomwe, mukaiperekanso pa kosi ina osanena, ndi mlandu.

Mu Epulo 2023 Turnitin inawonjezera chida chozindikira zolembedwa ndi AI monga ChatGPT. Pofika Ogasiti, yunivesite ya Vanderbilt ku America inachizimitsa poopa kunamizira osalakwa.

Chinyengo pa maphunziro si kukopera kokha. Kuno ku Zambia, mu 2017 bungwe la Teaching Council of Zambia linapeza aphunzitsi pafupifupi 500 ali ndi masatifiketi abodza, ali pantchito kale.

Kodi mumadziwanso kuti mlandu wokopera suwola? Karl-Theodor zu Guttenberg, nduna ya chitetezo ku Germany, anatula pansi udindo mu 2011 yunivesite ya Bayreuth itamulanda udokotala. Mu 2012 zinagwera Pál Schmitt, pulezidenti wa Hungary. Mayi Annette Schavan analemba kafukufuku wawo mu 1980, yunivesite ya Düsseldorf n'kudzawalanda digiri mu 2013, patadutsa zaka 33. Unduna umene anausiya chaka chimenecho unali wa maphunziro.