Ndalama Zing'onozing'ono Zamapepala Zikachotsedwa, Chenji Chimapita Kuti?

Mwa ndalama zonse zimene timagwira, palibe zimene zimavutika kuposa zing'onozing'ono zamapepala. K5,000 imakhala mwaulemu m'chikwama, nituluka kamodzikamodzi. Koma K50 ndi K100 sizipuma. M'mawa zili kwa wogulitsa mandasi, masana kwa kondakitala wa minibasi, madzulo zamangidwa pansonga ya chitenje cha mayi wogulitsa usipa. Zimanyowa ndi thukuta, zimada ndi makala, zimang'ambika, ndipo nkhope ya Inkosi Gomani II ikaleka kuoneka pa K50, Banki Yaikulu iyenera kuiwononga ndi kusindikizitsa ina. Ntchito imeneyi imadya chuma, makamaka kwa ife amene ndalama zathu zimasindikizidwa kunja. Nchifukwa chake maiko ambiri aganizapo zochotsa pepala laling'ono ndi kuika chitsulo m'malo mwake. Nanga zikatero, malonda a tsiku ndi tsiku amasintha motani?

Tiyambe ndi kumene nzeruyi inayenda bwino. Ku Britain ndalama yachitsulo ya paundi imodzi inatuluka mu 1983, pakuti pepala la paundi linkatha m'miyezi ngati isanu ndi inayi, pamene chitsulo chikhoza kukhala zaka makumi angapo. Anthu anadandaula kuti chikulemera ndi kuboola matumba, koma Bank of England inaleka kutulutsa mapepalawo, ndipo mu March 1988 anasiya kugwira ntchito. Ku Canada anachita chimodzimodzi: chitsulo cha dola imodzi mu 1987, kuleka mapepala ake mu 1989, kenaka chitsulo cha madola awiri mu 1996. Madandaulo anatha okha, popeza munthu wofuna buledi sakana ndalama yokhayo imene ilipo.

Ku America zinthu zinapita kwina, ndipo apa mpamene pali phunziro. Boma linatulutsa dola yachitsulo mu 1979, yokhala ndi nkhope ya Susan B. Anthony, koma pepala linasiyidwa kuti liyendebe. Chitsulocho chinkafanana kwambiri ndi cha masenti 25, kotero anthu ankasokonezeka nacho nachikana. Anayesanso mu 2000, nayesanso mu 2007, osachotsabe pepala. Pofika 2011 madola achitsulo opitirira biliyoni imodzi anali atangounjikana m'nkhokwe za Federal Reserve, ndipo boma linaleka kuwapanga kuti aziyenda pamsika. Munthu akapatsidwa ufulu wosankha pakati pa chopepuka ndi cholemera, amasankha chopepuka. Chitsulo chimayamba kuyenda pokhapokha pepala litachotsedwa.

Tsono wina angati, ngati zili choncho, chotsani pepala basi, nkhani yatha. Ife a ku Malawi tikudziwa kuti sithera pamenepo, chifukwa njira imeneyi taiyenda kangapo. Pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, tinali ndi pepala la 50 tambala, ndipo achikulire akukumbukira kuti silinali lamasewera. Mu 1986 kunabwera 50 tambala yachitsulo, ndipo mu 1992 K1 yachitsulo. Mu 2007 zinatuluka K5 ndi K10 zazikulu zija zamitundu iwiri, zolemera ngati miyala. Mu May 2012 Banki Yaikulu inatulutsa mapepala atsopano oyambira pa K20, ndipo a K5 ndi K10 sanaonekenso. M'malo mwake tinalandira zitsulo zazing'ono za K1, K5 ndi K10.

Pepala linachotsedwadi, monga ku Britain ndi ku Canada. Koma zitsulozo zili kuti lero? Zili m'zitini, m'madirowa, pansi pa mphasa, ndi m'manja mwa ana ozisewerera. Mwalamulo ndi ndalama ndithu, koma yesani kupereka K10 zisanu kwa wogulitsa matimati muone mmene akuyang'anireni. Chifukwa chake nchosavuta. M'mwezi womwewo wa May 2012 kwacha inachepetsedwa mphamvu, dola imodzi nichoka pa K168 kufika pa K250, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Mu 2016 panafunika pepala la K2,000, mu 2022 la K5,000. Chitsulo chopangidwa kuti chikhale zaka makumi atatu chinatha ntchito chisanachite ndi dzimbiri lomwe. Paundi yachitsulo inakhazikika chifukwa inkagula kanthu chaka ndi chaka. K10 yathu inapezeka kuti singagule ngakhale siwiti imodzi.

Ndalama yaing'ono ikafa motere, mitengo imayamba kudumpha. Wogulitsa amene akadakweza chinthu ndi K10 amakweza ndi K50, pakuti pakati pake palibe choperekera chenji. M'golosale mumamva kuti, "Chenji palibe, tengani siwiti," kapena, "Mudzatenga mawa," ndipo mawalo silifika. Sitikunena kuti ogulitsa onse ndi achinyengo. Ambiri alibedi chobwezera. Koma tiyeni tichite masamu a m'kalasi. Mayi wogula pang'onopang'ono, mafuta a m'kapepala m'mawa, ndiwo masana, makala madzulo, akasiya K30 pa malo alionse atatuwa, wataya K90 patsiku, ndiye K2,700 pamwezi. Bambo wa malipiro ogula zonse kamodzi m'sitolo yaikulu amasiya K30 yomweyo kamodzi kokha. Motero mtolo wa chenji chosowa umagwera amene ali ndi zochepa, ndipo umagwa mwakachetechete, popeza palibe amene amapita kukadandaula za K30.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife makolo ndi aphunzitsi. Mwana amaphunzira kuwerenga ndi kusunga ndalama pogwira zing'onozing'ono. Amatumidwa kukagula mchere, nabwera ndi chenji chokwana; amaponya khobidi m'kachitini kufikira litadzaza. Lero m'buku la masamu muli matambala amene ana ambiri sanawaonepo ndi maso, ndipo mwana wozolowera kumva kuti chenji sichiwerengedwa amakula akuyesa kuti kanthu kakang'ono kalibe mwini.

Ngati tsiku lina kudzaganiziridwa zochotsa K20 kapena K50 yapepala, sitidzatsutsa msanga, pakuti kusindikiza pepala lotha m'miyezi yochepa nkutaya chuma cha dziko. Koma tidzafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, chitsulo cholowa m'malo mwake chikhale cha mtengo woti chigule kanthu kwa zaka zingapo, chopepuka, ndiponso chosafanana ndi chinzake, kuti agogo a maso ofooka asanyengedwe. Chachiwiri, pakhale lamulo lomveka la chenji. Pamene Canada inaleka kugawa senti imodzi mu February 2013, boma linalongosola poyera kachitidwe kake: mtengo wa zonse pamodzi ukathera pa 1 kapena 2 utsike, ukathera pa 3 kapena 4 ukwere kufika pa 5, ukathera pa 6 kapena 7 utsikire pa 5, ndipo pa 8 kapena 9 ukwere. Chotero wogula amapindula lero, wogulitsa mawa. Kuno kwathu, kumene kulibe chizolowezi chotere, mtengo umangokwera.

Achinyamata adzatiuza kuti zonsezi nzakale, popeza pa Airtel Money ndi TNM Mpamba munthu akhoza kulipira mtengo weniweni wopanda chenji. Nzoona, ndipo ku Canada komwe olipira ndi khadi sakhudzidwa ndi lamulo lija. Koma kutumiza ndi kutapa ndalama palamya kuli ndi mtengo wakenso, ndipo mayi wa mulu wa bonongwe pamsika wa kumudzi, kumene netiweki imabwera ndi kupita, akulandirabe pepala lakuda lija ndi kulimanga pachitenje.