KUWALA KOFUFUZA MTOVU M'MADZI

LUSAKA: Awerengi amene ali ndi abale ku Kanyama, George kapena Chawama adziwa kuti zitsime za m'makomboni amenewa n'zosazama. Mzindawu unamangidwa pa mwala wa laimu wa ming'alu yambiri, motero zonyansa zotayidwa pansi sizicedwa kufika m'madzi.

Kolera wa mu 2017 ndi 2018 anaphunzitsa anthu kuwiritsa madzi ndi kuthiramo klorini. Zimenezi zipha tizilombo, koma zitsulo zaululu monga mtovu sizicoka. Madzi akaphwera pamoto, mtovu utsala mumphika momwemo.

Mtovu upezeka m'mabatire akale a galimoto ndi m'penti wina. M'madzi suoneka ndipo sununkha, koma uononga bongo wa mwana. Anthu a ku Kabwe adziwa bwino: mgodi wao unatsekedwa mu 1994, koma dothi likali ndi ululu. Bungwe la World Health Organization liti mtovu usapitirire mamaikrogramu 10 pa lita imodzi, kacinthu kocepa kwambiri koposa kambeu ka mcere.

Njira yozolowereka ndiyo kutunga madzi m'mabotolo, kupita nao ku nyumba yopimira zinthu, ndi kudikira yankho. Tsopano akatswiri ayesa njira yacangu ya laser, kuwala kwamphamvu kolunjika pa kadontho kamodzi. Kuwalako kukalasa cinthu, kacigawo kake kapsa n'kusanduka kamoto kong'anima. Citsulo ciliconse ciwala ndi mitundu yakeyake, monga waya wa mkuwa aonetsa lawi lobiriwira mukamponya pa mbaula. Makina awerenga mitunduyo, ndipo kompyuta ichula dzina la citsulo. Galimoto ya Curiosity imene inatera pa Mars mu 2012 inapima miyala mwa njira yomweyi.

Madzi ndiwo abvuta. Laser ikawalasa athovoka, kamoto kaja n'kuzima msanga. Cifukwa cace ena ayamba aumitsa dontho pa pepala, ena aundanitsa madziwo, kenaka alasa. Ngakhale tero, kuona mtovu wocepa ngati uja wa pa lita kukali kobvuta.

Cangu n'cofunika, pakuti madzi ambiri a m'mipope ya Lusaka acokera ku Kafue. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, asidi ndi zitsulo zinalowa mumtsinjewo, nsomba zinafa, ndipo mipope ya ku Kitwe inatsekedwa.