Mizinga ya Nkhondo ya Chiwaya inkayenda ndi thukuta la atengatenga

Pafupi ndi chipilala cha wotchi ku Mangochi pali mzinga wa mtundu wa Hotchkiss, wochokera m'sitima ya Angerezi ya Guendolen. Mu Ogasiti 1914, sitimayi, motsogozedwa ndi Captain Rhoades, inawombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli. Alendo amaujambula mzingawu, koma poyerekeza ndi anzake a nthawi imeneyo, ndi kamwana.

Ku Ulaya amisiri anali atafika patali. Kale mzinga ukalira unkabwerera m'mbuyo wathunthu, asilikali n'kuyambanso kuukankha ndi kulozetsa. Mu 1897 Afalansa anathetsa vutoli pamzinga wawo wa mamilimita 75: anaika mafuta ndi mpweya m'mitsuko yachitsulo pansi pa mpope, kuti mpope wokha uzitsetsereka n'kubwerera pamalo pake, matayala ali chilili. Kampani ya Krupp inapanga mzinga wotchedwa Big Bertha, wa kukamwa kwa mamilimita 420, womwe unagumula malinga a mzinda wa Liège mu 1914.

Zida zimenezi anazipanga podalira njanji, misewu ndi akavalo. Kuno akavalo ndi ng'ombe zinkatha ndi kashembe.

Nkhani ya sitima ya Majeremani ya Königsberg ikuonetsa bwino zimene zinatsatira. Angerezi ataiwononga mumtsinje wa Rufiji mu Julaye 1915, Majeremani anazula mizinga yake 10 ya mamilimita 105, ina n'kuikhazika pamatayala ku Dar es Salaam. Chitsulo chopangidwira kukhala phee pasitima chinayamba kukwera mapiri ndi kuwoloka madambo, chikukokedwa ndi zingwe ndi khamu la anthu akuda. Lero umodzi mwa mizingayi uli ku Fort Jesus ku Mombasa, wina ku Union Buildings ku Pretoria.

Kumbali ya Angerezi nako kunali chimodzimodzi. Gulu la General Edward Northey, lomwe linalowa m'dziko lolamulidwa ndi Majeremani kuchokera cha ku Karonga mu 1916, linkadalira atengatenga pa zipolopolo, ufa ndi mankhwala. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anasenza katundu pankhondoyi, ambiri mokakamizidwa kudzera mwa mafumu, ndipo ochuluka anafa ndi kamwazi, njala ndi chibayo osati chipolopolo.

Kwa anthu a ku Thyolo, kuphatikizapo kwa Nsabwe, izi zinali mtolo pamwamba pa mtolo. Nthawi imeneyo tiyi anali akungoyamba kumene m'bomali, ndipo Alhomwe ambiri ochokera ku Mozambique anali kale pagoli la thangata ndi msonkho m'maesiteti. John Chilembwe wa ku Chiradzulu anadandaula poyera za kutengera anthu akuda kunkhondo ya eni mu Novembala 1914, asanaukire mu Januwale 1915. Sanalakwitse.

Chipilala cha King's African Rifles ku Zomba chili ndi mayina a asilikali. A atengatenga ambiri sanalembedwe paliponse. Aphunzitsi ndi mafumu a kwa Nsabwe, funsani m'mabanja za agogo amene anapita kukasenza katundu, mulembe mayina awo okumbukira akadalipo.