Mpunga woyoyoka umayambira pa msika

Mpunga si chakudya chotchipa. Amene wagula kilogalamu imodzi n'kuphika phala, kapena kusiya nkhoko yakuda pansi pa poto, wataya ndalama. Kilogalamu ya mpunga ikapsa imalemera pafupifupi makilogalamu atatu, ndipo mukamayeza magalamu 125 pa munthu, mupezamo mbale 8. Mbale imodzi ikapserera, kwa mayi wa lesitilanti phindu la poto yonse likhoza kupita pomwepo.

Poyamba yang'anani chomwe mukugula. Kilombero wa ku Karonga ndi wa njere zazitali komanso wonunkhira, n'chifukwa chake mtengo wake umaposa wa Faya. Amalonda ena amasakaniza mitundu, choncho tapani pang'ono m'manja, mununkhize, muone ngati njere zake zikufanana. Mpunga wosweka kwambiri umatsika mtengo, koma umamatana ukapsa. Umenewo ndi wa phala la m'mawa. Funsaninso ngati ndi wa chaka chino. Watsopano, amene amadzaza misika akangokolola cha mu Meyi ndi Juni, umafuna madzi ochepa kusiyana ndi wogonera.

Kunyumba upeteni, musankhe timiyala, kenako muutsuke katatu kufikira madzi atayera. Choyera chomwe chimatuluka m'madzimo ndi ufa wa mpungawo, ndipo ndi umene umamatanitsa njere. Ukhetseni madzi onse.

Muyeso ndi uwu: kapu imodzi ya mpunga, kapu imodzi ndi theka ya madzi. Wogonera ungafune makapu awiri. Kapu yoyezera ikhale imodzimodzi. Madzi akawira, thirani mchere, supuni ya mafuta ndi mpungawo, mutakase kamodzi kokha. Ukawiranso, vundikirani bwino n'kuchepetsa moto. Pa mbaula, phulani makala ambiri ndi kuika ena pamwamba pa chivundikiro. Dikirani mphindi 15 mpaka 18 osavundukula, chifukwa nthunzi ndi imene ikupsetsa mpungawo. Mukaphula, usiyeni chivundikirire mphindi 10, kenako muumasule ndi foloko. Kutakasatakasa ndi mthiko kumaphwanya njere.

Mukadziwa zimenezi, pilawu savuta. Chakudyachi n'chotchuka ku gombe la kum'mawa kwa Africa, monga ku Zanzibar ndi ku Mombasa, ndipo chimaphikidwa mu poto imodzi. Pa makapu awiri a mpunga konzani anyezi awiri, adyo, jinja, masupuni atatu a mafuta, masupuni aang'ono awiri a pilau masala ndi makapu atatu a msuzi wa nyama kapena wa nkhuku.

Kazingani anyezi pa moto wapakatikati mpaka afiire bwino, osapserera; mtundu wa pilawu umachokera pamenepa. Ikani adyo, jinja ndi masala kwa mphindi imodzi kuti fungo lituluke. Thirani mpunga wotsuka uja, muutembenuze m'mafutamo mphindi ziwiri. Mafutawo amakuta njere iliyonse kuti isamatane ndi inzake. Thirani msuzi wotentha, mulawe mchere, muvundikire, ndipo muphike monga tafotokozera. Nyama ikakhalapo, iyambe yapsa payokha. Ikasowa, karoti, nsawawa kapena mbatatesi zoduladula zimakwanira.

Kwa ochita malonda a zakudya, ubwino wa pilawu ndi wakuti ndiwo zochepa zimafalikira poto yonse, ndipo msuzi umene mukanataya umalowa ntchito. Musanaike mtengo, lembani zonse zomwe zalowa mu poto, makala omwe, mugawe ndi chiwerengero cha mbale zomwe zatuluka. Mukatero mudziwa ndalama imene mbale imodzi yadya. Ndipo ngati muli ndi pouma posungira, gulani mpunga nthawi yokolola, chifukwa pofika Khirisimasi mtengo umakhala utakwera.