Whonix kapena Tails: zimatengera chimene mukuopa

Atolankhani, omenyera ufulu wa anthu ndi ena amene ntchito yawo imafuna kuti asadziwike pa intaneti kawirikawiri amasankha pakati pa Tails ndi Whonix. Zonse ziwiri n'zaulere, zinachokera ku Debian Linux, ndipo chilichonse chimene mwatumiza chimadutsa pa netiweki ya Tor kuti adiresi yanu ya IP isaoneke. Zimasiyana pa malo amene mumaziika.

Tails, imene inatuluka mu 2009, mumaiika pa fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo. Mumayatsa kompyuta kuchokera pa fulashiyo, ndipo Windows imene ili pa hard disk siidzuka n'komwe. Mukathimitsa, zonse zimene zinali mu RAM zimafufutika. Edward Snowden ndi Laura Poitras anaigwiritsa ntchito mu 2013, ndipo mu 2024 gulu loikonza linaphatikizana ndi Tor Project.

Whonix, imene Patrick Schleizer wakhala akutsogolera kuyambira 2012, imayenda m'kati mwa VirtualBox kapena KVM, mapulogalamu amene amakupatsani kompyuta ina yongoyerekezera m'kati mwa kompyuta yanu yeniyeni. Kuiika kumafuna kudekha. Choyamba mumalowa mu BIOS n'kutsegula VT-x kapena AMD-V, apo ayi palibe chingayake. Kenako mumakopera fayilo yake ya .ova, n'kutsimikizira siginecha ya oikonza. Ambiri amadumpha pamenepa chifukwa chothamanga, ndipo zimandidetsa nkhawa, chifukwa fayilo yosinthidwa panjira imaoneka chimodzimodzi ndi yeniyeni. Mukailowetsa mu VirtualBox mumaona makina awiri. Mumayamba kuyatsa Gateway, kudikira kuti ilumikizane ndi Tor, kenako Workstation, mmene mumagwiriramo ntchito.

Nzeru yonse ya Whonix yagona pa kugawa kumeneku. Workstation ilibe njira ina yofikira pa intaneti kupatula Gateway, ndipo adiresi yanu yeniyeni siidziwa. Mu 2020 zinaululika kuti Facebook inalipira kampani ina kuti ipeze pofooka pa pulogalamu yoonetsera mavidiyo ya mu Tails, ndipo FBI inadzera pomwepo kupeza IP ya munthu amene ankazunza atsikana pa intaneti. Munthuyo anayeneradi kugwidwa. Koma njira yomweyo ikanatha kuulula mtolankhani wosalakwa. Wothyola Workstation ya Whonix mwa njira yotere angangopeza nambala ya m'kati, 10.152.152.11, imene siiloza dera kapena nyumba ya aliyense. Kuti apite patsogolo ayenera kuthyolanso VirtualBox yeniyeniyo, ntchito yovuta kwambiri.

Vuto la Whonix lili kunja kwake. Ili ngati munthu wochita lendi, amene alandilodi ake anasunga kiyi wachiwiri. Ngati Windows imene VirtualBox ikuyendapo ili ndi vairasi yojambula zimene mukutaipa, mapasiwedi anu onse amatengedwa asanafike n'komwe ku Whonix. Mafayilo a makina awiriwo amatsalanso pa hard disk, moti wolanda laputopu yanu amawapeza ngati simunakhome disikiyo ndi encryption. Komanso imadya RAM: laputopu ya 4 GB imapuma movutikira ikanyamula makina atatu nthawi imodzi.

Ena amaganiza zopeza zabwino zonse poika Tails mu VirtualBox. Ine sindilimbikitsa zimenezi, ndipo Tails yomwe imakuchenjezani ikazindikira kuti ili m'makina ongoyerekezera. Kuiwala kwake kumatha mphamvu, chifukwa kompyuta yaikulu ingathe kusunga zimene iyo yafufuta, ndipo kugawa kwa Whonix simukupezanso.

Choncho amene ali paulendo, akugwiritsa ntchito laputopu yobwereka, kapena akuopa kusechedwa pa malire a dziko, atenge Tails. Amene akufufuza nkhani ya miyezi yambiri, akutsegula madokyumenti ochokera kwa anthu osawadziwa, Whonix ndiyo ndingamuuze, malinga aiike pa Linux yatsopano yokhala ndi disiki yokhomedwa, osati pa Windows yodzaza mapulogalamu okopedwa mwachinyengo. Ngati kompyuta yake ili ndi RAM ya 16 GB, aganizirenso za Qubes OS yoyambitsidwa ndi Joanna Rutkowska, imene imayendetsa Whonix pa Xen m'malo mwa VirtualBox ndipo gawo lolamulira makina onse sililumikizidwa ku intaneti.